CHONGWE, TAUNI IMENE TIMANGOIPITIRIRA

Anzanga acinyamata, ndi angati mwa inu amene anatsikapo basi pa Chongwe popanda maliro, ukwati kapena msonkhano wa mpingo? Ndiganiza kuti ndi ocepa. Ambiri timaidziwa tauniyi pa zenera la basi ya ku Chipata: msika m'mbali mwa mseu, matumba a malasha, azimai a tomato ndi nthoci, ulalo wa pa mtsinje, ndipo nkhani yathera pomwepo. Ngakhale ife amene tikhala m'boma lino, tikafunsidwa kumene ticokera timafulumira kuyankha kuti “ku Lusaka,” ngati kuti dzina la kwathu ndi locititsa manyazi.

Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, pa mseu wa Great East Road, ndipo dzina lake inatenga ku mtsinje. Mtsinjewo uyambira kumtunda, cakumpoto kwa Lusaka. Panjira ulandira madzi a Ngwerere, a Kanakantapa ndi a Chalimbana, kenaka uboola mapiri ndi kutsikira ku Zambezi. Sungani maina atatuwo m'mutu, pakuti mudzaona kuti mbiri ya malo ano yakhala ikutsatira madzi amenewa. Pamene panali madzi ndi pamene panamangidwa mudzi, mishoni, sukulu ndi ulalo. Ndipo madzi omwewo ndiwo ali pangozi masiku ano.

Eni dziko

Dziko lino ndi la Asoli. Cinenero cao ndi ca banja limodzi ndi Citonga, Ciila ndi Cilenje, banja limene akatswiri amalicha Bantu Botatwe. Mafumu ao akuluakulu ndi anai: a Nkomeshya, a Bunda Bunda, a Mpanshya ndi a Shikabeta. Asoli anali alimi, alenje a nyama ndiponso osula citsulo. Makasu ndi nkhwangwa zinali kusulidwa kuno mzungu asanabweretse sitolo.

Lusaka yeniyeniyo, imene timaitamanda kwambiri, ndi mwana wa dzulodzulo. Njanji itafika mu 1905, panakhazikitsidwa kasiteshoni kakang'ono kamene kanapatsidwa dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, a Lusaaka. Likulu la dziko linasamuka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935. Pakati pa zaka ziwirizo, malo acondeconde a m'mbali mwa njanji anagawidwa kwa azungu a mafamu, ndipo cakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linadula malire a malo okhalamo anthu akuda okhaokha. Asoli ambiri anakankhidwira kum'mawa. Cotero mukamva Amfumu a Nkomeshya Mukamambo II, amene analowa ufumu mu 1971, akulankhula mwaukali pa nkhani ya malo, musaganize kuti ayamba lero. Mlanduwo ndi wakale kuposa agogo anu.

Kasisi ndi Chalimbana

M'caka comweco cimene njanji inafika, 1905, ansembe awiri a Cijezuiti ocokera ku France anayamba nchito m'dziko muno. Bambo Joseph Moreau anakhazikika ku Chikuni pakati pa Atonga. Bambo Julius Torrend anapitirira kumpoto nakamanga mishoni ya Kasisi, pafupi ndi mtsinje wa Ngwerere. Kaya ndinu a Katolika, a RCZ, a UCZ, a Adventist kapena a Pentekoste, Kasisi ikukhudzani, cifukwa ndi imodzi mwa mishoni zakale kwambiri m'cigawo cino.

Bambo Torrend anali munthu wa makutu akuthwa. Asanabwere kuno anali atalemba kale buku lalikulu loyerekeza zinenero za Abantu, limene linasindikizidwa mu 1891. Ali kuno anacita cinthu cimene anthu a nthawiyo ayenera kuti anacidabwa. Anali ndi makina ochedwa phonograph, ojambula mau pa phula louma. Anali kuitana anthu kuti asimbe nthano pamaso pa makinawo, pamodzi ndi nyimbo zimene wosimba amayambitsa pakati pa nthano, omvera nkuthirira mang'ombe. Mu 1921 nthano zina za Alenje ndi Atonga zinatuluka m'buku lochedwa Specimens of Bantu Folk-lore from Northern Rhodesia. Taganizani: pa nthawi imene amishoni ambiri anali kuona nthano ndi ng'oma ngati zacikunja zoyenera kufafanizidwa, wansembe uyu anali kucezera nazo usiku, kuzilemba liu ndi liu. Anamwalira mu 1936.

Nyumba ya ana amasiye ya Kasisi inatsegulidwa mu 1926, ndipo mu 1928 anabwera asisitere a ku Poland a cipani ca Little Servants of Mary Immaculate, amene anaitenga nchitoyo. M'zaka zowawa za m'ma 1990, pamene matenda a Edzi anali kutenga makolo m'nyumba ndi m'nyumba, zitseko zimenezi zinalandira ana ambiri. Ku Kasisi komweko ndiko kunafikira Bambo Adam Kozłowiecki mu 1946. Iwowa anagwidwa ndi a Nazi mu 1939, nakhala m'ndende za Auschwitz ndi Dachau mpaka April 1945. Munthu wotuluka m'malo otero akanapempha kupumula. Iwo anabwera kudzayang'anira masukulu a m'midzi ya kuno. Pambuyo pake anakhala Arkibishopu woyamba wa Lusaka mu 1959, natula udindowo mu 1969 kuti ulowedwe ndi mwana wa dziko lino, nabwerera kukatumikira ku mishoni za kumidzi. Anakhala Kadinala mu 1998 ndipo anamwalira mu 2007. Ajezuiti anatsegulanso sukulu ya ulimi ku Kasisi mu 1974, imene inadzachuka ndi ulimi wa manyowa ndi mitengo yobwezera nthaka, wosadalira feteleza wa m'sitolo.

Tsopano tiwoloke mseu tipite ku mtsinje wina, Chalimbana. Nkhani ya kumeneko iyambira kutali, ku Philadelphia m'dziko la America. Mu 1907 mai wina wacikulire wa mpingo wa Quaker, dzina lake Anna Jeanes, anapereka madola 1 miliyoni kuti athandize masukulu a kumidzi a anthu akuda a kumwera kwa America. Njira yake inali yakuti mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa bwino aziyendera masukulu ang'onoang'ono ndi kulimbikitsa anzake. Njirayo inawoloka nyanja. Kuno sukulu ya Jeanes inayambira ku Mazabuka, ndipo mu 1939 inasamukira ku Chalimbana. Mphunzitsi anali kubwera ndi mkazi wake. Bambo akuphunzira kaphunzitsidwe, ukalipentala ndi ulimi, mai anali kuphunzira zaukhondo, kusoka ndi kulera ana, kuti banja lonse likakhale citsanzo kumudzi.

Sindibisa, maphunziro amenewa anali ndi msampha wake. Atsamunda anali kufuna munthu wakuda wodziwa kupala thabwa ndi kukumba cimbudzi, osati wodziwa malamulo. Koma munthu ukam'phunzitsa kuwerenga sungamuuze pomalizira, ndipo aphunzitsi a m'dziko muno anali m'gulu la anthu oyamba kufunsa mafunso obvuta kwa boma la azungu. Pambuyo pa ufulu Chalimbana inakhala koleji yoonjezera maphunziro a aphunzitsi amene ali kale pa nchito, ndipo tsopano ndi yunivesite.

Mtsinje wacitatu ndingouchula mwacidule, ngakhale kuti ukhudza ife acinyamata. Mu 1988 boma linatsegula malo a Kanakantapa kuti acinyamata osowa nchito m'matauni apatsidwe minda, ndipo dziko la Japan linathandizapo. Ena mwa makolo a anzanu a mu kwaya anabwera kuno mwa njira imeneyo.

Ulalo wa 1979

Pa zonse za m'mbiri ya Chongwe, iyi ndiyo ndifuna kuti muidziwe bwino. Pa 11 November 1965 a Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzipatsa ufulu pansi pa ulamuliro wa azungu ocepa. Zambia inali ndi caka cimodzi cabe. A Kenneth Kaunda analola omenyera ufulu wa Zimbabwe, makamaka a ZAPU otsogoleredwa ndi a Joshua Nkomo, kukhala ndi misasa m'dziko muno. Mtengo wake unali waukulu. Mu October 1978 ndeke za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Mu April 1979 asilikali ao analowa mu Lusaka mwenimweni naphwanya nyumba ya a Nkomo.

Mu August 1979 atsogoleri a maiko a Commonwealth anakumana mu Lusaka, ndipo msonkhano umenewo unatsegula njira ya zokambirana za ku Lancaster House mu London. Zokambirana zili mkati, adaniwo anaganiza zofinya Zambia pakhosi kuti a Kaunda akakamize a Nkomo kubvomera. Dziko lathu lilibe nyanja. Zinthu zambiri, monga feteleza ndi cimanga, zimalowa pa mseu kapena pa njanji, ndipo mseu uliwonse uli ndi ulalo. Mu October anaphulitsa maulalo a pa Chambeshi, nadula njanji ya TAZARA ndi mseu wa ku Tanzania. Kuciyambi kwa November anaimitsa cimanga cimene cinali kubwera kupyolera kumwera. M'mwezi womwewo anaphulitsa maulalo ena angapo pa miseu ikuluikulu, ndipo umodzi mwa iwo unali wa pa Chongwe.

Onani tanthauzo lake. Ulalo umenewu ndiwo umalumikiza likulu ndi cigawo conse ca kum'mawa ndiponso Malawi. Utagwa, ndipo mvula ili pafupi, mlimi wa ku Petauke analibe njira yabwino yofikitsira mbeu zake ku tauni, ndipo wa ku Lusaka analibe njira yabwino yopitira ku maliro kwao. A Kaunda analengeza kuti dziko likhale lokonzekera nkhondo. Asilikali a pa chuthi anaitanidwa, pamodzi ndi acinyamata amene anaphunzira usilikali ku National Service atatsiriza Fomu 5. Anali a msinkhu wanu. Pangano la Lancaster House linasainidwa pa 21 December 1979, ndipo Zimbabwe inalandira ufulu pa 18 April 1980.

Pa Yoswa caputala 4 timawerenga za miyala khumi ndi iwiri imene inatengedwa mu Yordano kuti ana am'tsogolo akaiona adzafunse tanthauzo lake. Ife timadutsa pa mtsinje wathu tili gonee, kapena maso ali pa foni. Anthu amene anamva kuphulikako ndi makutu ao akali moyo. Ena ndi akulu a mpingo, ena ndi amai a cigwirizano amene timawapatsa moni Sondo iliyonse. Apempheni akuonetseni pamene panali ulalo wakale, ndipo akuuzeni mmene anawolokera m'masiku amenewo.

Nyimbo, ng'oma ndi zosema

Wina angafunse: kodi ku Chongwe kuli zaluso? Ngati mufuna nyumba ya zisudzo monga Lusaka Playhouse, mudzabwerera manja lende. Zaluso za kuno zili pabwalo.

Tsiku lalikulu ndi la Chakwela Makumbi, mwambo wa Asoli a kwa Nkomeshya, umene umacitika cakumapeto kwa cilimwe, kawirikawiri mu October. Dzinalo litanthauza kukoka mitambo. Amfumu amapempha mvula, amadalitsa mbeu, amayatsa moto pa munda wacifumu umene wasoseredwa, nabzala mbeu zoyamba. Kenaka anthu amadziwa kuti nyengo yolima yatseguka. Pamakhala ng'oma, magule a midzi yosiyanasiyana, zobvala za mwambo ndi nyimbo za Cisoli zimene simungazimve pa wailesi.

Ndidziwa kuti m'magulu athu nkhani imeneyi imabutsa mkangano. Mipingo ina imaletsa anthu ake kupitako cifukwa pamachulidwa mizimu ya makolo. Ngati ndi mmene mpingo wanu uphunzitsira, kambiranani ndi abusa kapena bambo mfumu anu mwaulemu, musapite mozemba. Maganizo anga ndi awa: kudziwa cinthu si kucipembedza. Ifenso mvula ikacedwa timasonkhana m'chalichi kupemphera, ndipo m'mipingo ina timabweretsa mbeu kuti zidalitsidwe. Eliya pa phiri la Karimeli anatuma mnyamata wake kasanu ndi kawiri kukayang'ana mtambo. Nkhawa ya mlimi woyang'ana kumwamba mu October ndi imodzi, ndipo Mkristu amene aimvetsa angathe kulankhula za Mulungu wopereka mvula m'mau amene anthu akewo angamve. Bambo Torrend anaona zimenezi zaka zoposa 100 zapitazo.

Cimene cindidetsa nkhawa kwambiri ndi cinenero. Cisoli sicili pakati pa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa nchito m'masukulu ndi pa wailesi ya dziko lonse. Ana a kuno amaphunzira Cinyanja ndi Cizungu. Inde, ndiona kuti inenso ndikukulemberani m'Cinyanja, ndipo ndicikonda. Koma mwana wa Cisoli akakula wosatha kuyankha agogo ake m'citundu cao, nyimbo za pa mtondo, za pa maliro ndi za m'nthano zimapita nao kumanda agogowo. Makwaya athu amayimba m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Cizungu, ngakhale m'Cizulu cimene sitimva. Ndi kwaya iti m'boma lino imene ili ndi nyimbo zisanu za Cisoli? Wansembe uja anali kunyamula makina olemera ndi phula losweka msanga. Inu muli ndi makina abwino koposa m'thumba la buluku.

Kwa okonda zojambula ndi zosema, malo ochuka ndi Chaminuka, kupitirira bwalo la ndeke. Anakhazikitsidwa ndi a Andrew Sardanis, mbadwa ya ku Cyprus imene inakhala nzika ya Zambia ndi kugwira nchito pafupi ndi a Kaunda m'zaka zoyamba za ufulu. Iwo ndi akazi ao anasonkhanitsa zojambula ndi zosema zambiri za amisiri a m'Zambia ndi a maiko ena a mu Africa. Ndi malo okongola, a nyama ndi madzi, koma polowera pafunika thumba lolemera, ndipo ndi cifukwa cake ana ambiri obadwira pafupi sanaonepo zimene zili mkatimo.

Za alendo

Pali cinthu cina coseketsa. Bwalo lalikulu la ndeke, limene linatsegulidwa mu 1967 ndi kupatsidwa dzina la Kenneth Kaunda mu 2011, lili m'boma la Chongwe. Mfumukazi Elizabeth mu 1979, Papa Yohane Paulo Waciwiri mu May 1989, a Nelson Mandela mu February 1990 atangotuluka m'ndende, onsewa anaponda nthaka ya Asoli asanaone Cairo Road. Koma mlendo akatsika ndeke amakhotera kumadzulo, kapena amakwera kandeke kena kopita ku Lower Zambezi.

Kumeneko, kumatsiriziro a mtsinje wathu womwewu, alendo amalipira madola ambiri pa usiku umodzi kuti aone njobvu zikumwa madzi ndi mvuu zikusambira. Mtsinje wa Chongwe ndiwo malire a kumadzulo a Lower Zambezi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1983, ndipo pafupi pali mathithi ochedwanso Chongwe. Kwa gulu la acinyamata lokhala ndi ndalama za minibasi cabe, ulendo wotheka ndi wa ku Kasisi, ku Chalimbana, kapena ku akasupe a madzi otentha a Chinyunyu m'mbali mwa Great East Road. Akasupewo anali m'boma lathu mpaka pamene Rufunsa inapatsidwa boma lakelake m'nthawi ya a Michael Sata.

Mtsinje ukauma

Tauni ya Chongwe yakhala ikudalira damu laling'ono la pa mtsinje. M'zaka zingapo pambuyo pa 2010 damulo linali kuuma m'cilimwe, mpaka madzi anali kubwera pa magalimoto a matanki. Taganizani, tauni yochedwa dzina la mtsinje, anthu ake ali pa mzere ndi zigubu kuyembekezera galimoto! Cilala cili ndi mbali yake. Akuluakulu akumbukira 1992 ndi cimanga cacikasu, ndipo tonse tikumbukira 2024. Koma mvula si yokha yolakwa. Kumtunda kuli madamu a m'mafamu amene amachinga madzi asanafike kumunsi. Mitengo ya m'mbali mwa mitsinje yapita m'matumba a malasha aja timaona pa zenera la basi. Mcenga ukukumbidwa kuti umange nyumba za Lusaka. Ndipo Ngwerere, imene Bambo Torrend anamanga mishoni pafupi nayo, tsopano imanyamula madzi a m'ngalande ndi a m'zimbudzi za mzinda kubwera nao kuno.

Citsanzo coonekeratu ndi ca Chalimbana. Mtsinjewo uyambira m'nkhalango ya kum'mawa kwa Lusaka yodziwika ndi dzina lakuti Forest 27. Nkhalango ya pa mapiri imagwira nchito ngati nsalu yonyowa: masamba ndi mizu zimacedwetsa madzi a mvula kuti alowe pansi, ndipo madziwo amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe caka conse. Mukadula mitengo ndi kuyala simenti, mvula yonse imathamanga tsiku limodzi, mu September nkutsala mcenga. Nkhalangoyo inatetezedwa ndi lamulo mu 1957. Mu 1983 citetezo cinacotsedwa, mitengo inadulidwa, ndipo mtsinje unayamba kuuma. Anthu a m'mbali mwa Chalimbana sanakhale cete. Anadandaula ku boma mosalekeza, ndipo mu 1996, m'nthawi ya a Frederick Chiluba, nkhalangoyo inabwezeredwa m'citetezo. Kuyambira 2017 mpaka 2019 zigawo zina zinacotsedwanso kuti pamangidwe nyumba. Amfumu a Nkomeshya ndi anthu ao anakana poyera, ndipo nkhaniyo inafika mpaka ku makhoti.

Amene analimbikira mu 1996 sanali akatswiri ocokera kunja. Anali alimi, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi amene anali kukumbukira mmene mtsinje unalili kale, ndipo anatha kunena kuti pano panali dziwe, apa panali kasupe. Gulu lanu likafuna kucitapo kanthu, yambirani pamenepo. Sankhani agogo atatu kapena anai a mumpingo mwanu, muwapemphe cilolezo, mukhale pansi ndi kope ndi foni. Afunseni maina a Cisoli a maiwe ndi timitsinje ta pafupi ndi mudzi wao, nsomba zimene anali kugwira, caka cimene anayamba kuona mcenga pamalo a madzi, ndi nyimbo imene anali kuyimba popita kukatunga. Mukatero konzani tsiku mu October, mupite mukaone damu ndi maso anu. Munyamule madzi akumwa okwanira, pakuti umenewo ndiwo mwezi umene damulo limatsika kwambiri.